Timu yathu yasiya kupambana: kodi tichotse kochi?

Funso lochokera kwa sapota wa m'chigawo chapakati: "Ndakhala ndikutsatira timu ya kwathu kwa zaka 9, imasewera mu ligi ya m'chigawo. Chaka chino tinayamba ndi moto, pa magemu 5 oyamba tinapambana 4 n'kulepherana kamodzi. Kuchoka pamenepo zinthu zasokonekera. Pa magemu 7 apitawa tapambana kamodzi, talepherana kawiri, tagonja kanayi, ndipo katatu mwa kanayiko tagonja ndi chigoli chimodzi cholowa mpira ukupita kokatha. Anzanga ena akuti kochi achoke, ena akuti oyimbira akutibera, ena akuti bwalo lathu analichita chipongwe ndi mankhwala. Sabata yatha anyamata anatsala pang'ono kumenya woyimbira, ineyo ndinali pomwepo ndikukuwa nawo. Tikagonja nsima siilowa, kunyumba ndimangokalipa. Kodi timu yathu yatha? Ife masapota titani?"

Bambo, timu yanu sinathe ayi. Tiyeni tiyambe tawerengera limodzi. Magemu 5 oyamba anakupatsani mapointi 13, magemu 7 otsatira akupatsani 5. Onse pamodzi ndi mapointi 18 pa magemu 12, kutanthauza pointi imodzi ndi theka pa gemu iliyonse. M'maligi ambiri, timu imene ikutola pointi imodzi yokha pa gemu ndiyo imakhala pafupi ndi chikwanje chotulutsa matimu mu ligi, pamene yofuna ukatswiri imafunika mapointi 2 kapena kuposerapo. Inu muli pakati, mwinanso chakumtunda pang'ono. Chimene chikukupwetekani n'chakuti mapointiwo anabwera ambiri koyambirira, mtima n'kuzolowera. Akanabwera mosakanikirana, lero mwapambana mawa mwagonja, bwenzi mukuti timu ikuyesetsa.

Mpira ndi masewero a zigoli zochepa, n'chifukwa chake magemu 5 kapena 7 amanamiza. Pa mipira 10 imene osewera amaponya ku golo, pafupifupi umodzi wokha ndiwo umalowa. Ngakhale penate, imene aliyense amaiona ngati chigoli chomwa kale, imaphonyedwa pafupifupi kamodzi pa kanayi. Timu imene ikugonja ndi chigoli chimodzi katatu ndi timu imene ikulimbana nawo mpaka kumapeto. Ikanakhala ikukwapulidwa 4 kwa 0 sabata ndi sabata, nkhani ikanakhala ina. Onaninso ndandanda wa masewero: magemu 5 aja munasewera ndi ndani, angati anali pakhomo? Kawirikawiri mupeza kuti atatu anali pabwalo panu, awiri munakumana ndi matimu amene tsopano ali kumunsi kwa ligi. Zikatero ndiye kuti timu sinasinthe kwenikweni, asintha ndi adani.

Ngakhale matimu akuluakulu amadutsa momwemu. Blue Eagles inamaliza pa nambala 2 mu Super League mu 2022, chaka chotsatira inatuluka mu ligi, mu 2024 ikusewera m'chigawo chapakati inatenga chikho cha FDH Bank itagonjetsa Bullets pa mapenate, n'kubwereranso mu Super League. Blue Eagles ndi timu ya apolisi, yokhala ndi bwalo lake ndi galimoto zake. Nanga timu ya pamudzi yodalira thumba la munthu mmodzi ingalephere bwanji kugwedezeka?

Komabe sindikufuna kuti muchoke ndi mawu oti ndi tsoka basi. Mwanena chinthu chimodzi cholemera: zigoli zikulowa kumapeto. M'mpira wonse zigoli zimachuluka mu mphindi 15 zomaliza, koma zikamabwerezabwereza kwa timu imodzi, pali chochititsa, ndipo chimapezeka. Gulani kope la masamba 40 ndi cholembera. Pa gemu iliyonse lembani osewera 11 amene ayamba, mphindi imene chigoli chilichonse chalowa, ndi njira imene chalowera: pa kona, pa firikiki, pa penate, mpira wautali wodumpha otchinga kumbuyo, kapena goloboyi wautaya. Ikani kamzere nthawi iliyonse timu yanu yaponya mpira wolunjika pa golo, ndi kamzere kena adani akatero. Lembani mphindi imene kochi wasintha osewera. Pa magemu a koyenda lembaninso nthawi imene galimoto inanyamuka ndi nthawi imene inafika pabwalo. Mphindi 90 muzigawe pasanu ndi kamodzi, chigawo chilichonse mphindi 15, kuti muone pamene mpanda ukuthyokera. Pakatha magemu 5 kopelo lidzakuuzani zimene phokoso la pabwalo silingakuuzeni.

Chimene chimapezeka kawirikawiri ndi kutha mphamvu, ndipo kumayambira kutali ndi bwalo. Osewera a m'maligi a m'zigawo ambiri sadyera mpira. Wina wapalasa kabaza kuyambira m'mawa, wina waumba njerwa, wina ali ku munda, madzulo n'kumathamangira ku pulakatisi. Ndiye pali mabonanza ndi zikho za m'madera, kumene mnyamata amakasewera Lachinayi kuti apeze ya sopo, Loweruka n'kudzavala yunifomu ya timu yanu. Thupi limafuna maola 48 mpaka 72 kuti libwerere m'chimake pambuyo pa gemu yathunthu. Amene wasewera Lachinayi madzulo amayamba bwino Loweruka, koma ikafika mphindi ya 60 mudzamuona wagwira m'mawondo, wasiya kubwerera kudzatchinga, ndipo mbali yake ndi imene adani amadutsira. Musamunyoze, funsani kaye kuti pakati pa sabata anali kuti ndipo anapitirako chiyani.

Chakudya ndi madzi zimagwetsa matimu ambiri kuposa kochi. Chakudya chachikulu, kaya nsima kaya mpunga, chiyenera kudyedwa maola 3 kapena 4 mpira usanayambe. Gemu ya 2:30 masana, ndiye kuti adye cha m'ma 11 koloko. Zimene zimachitika n'zakuti nsima imapsa mochedwa, anyamata n'kudya patatsala nthawi yosakwana ola limodzi kuti mpira uyambe, kapena sadya n'komwe chifukwa ndalama inathera ku mafuta. Ola limodzi gemu isanayambe chofunika ndi chopepuka: nthochi ziwiri, kachidutswa ka mbatata, kapu ya thobwa. Pa nyengo yotentha, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, makamaka mukapita kunyanja monga ku Salima ndi ku Nkhotakota, wosewera amatha kutaya lita imodzi kapena awiri a thukuta pa ola. Akataya madzi okwana 2 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi lake, miyendo imalemera ndipo maganizo amachedwa. Kwa mnyamata wa makilogalamu 65 ndi kilogalamu imodzi ndi magalamu 300 okha. Njira yodziwira ndi yapafupi: bwerekani sikelo, muwayeze asanalowe m'bwalo ndi atangotuluka. Pa kilogalamu iliyonse imene yachoka amwe madzi lita imodzi ndi theka pang'onopang'ono madzulo amenewo. Timu ya anthu 18 yobwera ndi chigubu chimodzi cha malita 20 pa tsiku lotentha yabwera ndi madzi osakwana. Malamulo a mpira amalola kupumira madzi pakati pa chigawo, mpaka mphindi 3 kukatentha kwambiri, ndipo kapiteni angathe kukambirana ndi woyimbira gemu isanayambe.

Za ulendo n'zachidule. Anthu 20 othinana mu minibasi kwa maola 3, n'kufika patatsala mphindi 20, sangathamange mphindi 90. Timu ifike patatsala ola ndi theka. Taonaninso pa benchi. Malamulo a masiku ano amalola kusintha osewera mpaka 5 pa mipata itatu, kupatula nthawi yopumulira, ngati mpikisanowo wavomereza. Timu imene yayenda ndi osewera 14 chifukwa malo m'galimoto anachepa imakumana ndi adani olowetsa miyendo yatsopano isanu iyo ili ndi atatu, mmodzi wa iwo goloboyi.

Tsopano funso limene masapota sakonda kufunsa: kodi anyamatawo akulandira zimene analonjezedwa? Timu zambiri zimayamba ligi bwana ali ndi ndalama, bonasi ikutuluka gemu ikangotha. Pofika mwezi wachitatu thumba lauma, ngongole ya mabonasi yaunjikana. Chizindikiro chake sichioneka Loweruka, chimaoneka Lachiwiri. Pitani ku pulakatisi mukawerenge mitu. Timu yolembetsa osewera 25 ikamapezeka ndi 11 kapena 12 pa pulakatisi, kochi sangaphunzitse kutchinga kona, sangayeseze 11 kwa 11, ndipo Loweruka amangosankha amene wabwera. Yerekezaninso mayina a m'kope lanu ndi amene ankayamba pa magemu 5 aja. Msika wa osewera ukatsekulidwa pakati pa ligi, matimu a ndalama amatola amene akuwala, ndipo matimu a asilikali ndi apolisi amakopa ndi chinthu chimene timu ya pamudzi ilibe, ntchito. Kuchoka kwa wosewera pakati mmodzi wodziwa kulanda mpira kumatha kusintha timu yonse, ngakhale masapota amangokumbuka womwetsa zigoli.

Nanga kochi? Alipo makochi oyenera kuchotsedwa, sindikana. Zizindikiro zake ndi izi: chigoli cha mtundu umodzi chikulowa mobwereza, mwachitsanzo pa kona chakumtengo wapafupi kanayi konse, iye osasintha kaimidwe ka anthu. Timu ikatsogola ndi chigoli chimodzi onse amathawira kumbuyo kuyambira mphindi ya 55, mpira n'kumangoutaya kutsogolo kopanda munthu, adani n'kumabweranso ngati mafunde mpaka mpanda utagwa. Amasintha osewera pa mphindi ya 85 pamene aliyense anaona pa 65 kuti wakumbali watheratu. Amaseweretsa wachibale kapena amene wamupatsa kangachepe, kapenanso osewera akuluakulu asiya kumumvera. Mipira yoima, makona ndi mafirikiki, imabala pafupifupi chigoli chimodzi pa zinayi zilizonse, ndipo ndi gawo limene kochi angakonze pa mapulakatisi awiri okha, choncho apa ndi pomuyezera bwino.

Koma kuchotsa kochi kuli ndi mtengo wake. Wochokayo amafuna ndalama zake zonse zimene timu ili nazo ngongole. Wobwerayo ayenera kukhala ndi chiphaso cha ukochi chimene ligi imafuna, ndipo otere safika ulele. Amabwera ndi anyamata ake amene sangalembetsedwe msika utatsekedwa, n'kuyamba kukangana ndi amene wawapeza. Anthu amati timu imadzuka kochi akasinthidwa, koma kumbukirani kuti kochi amachotsedwa timu ili pansi penipeni, pamene ikanadzuka ndithu ngakhale iye akanakhalapo. Ngati vuto ndi njala, madzi ndi ngongole, kochi watsopano adzazipeza zikumudikira. Ine ndikanati komiti ikhale naye pansi, amve mbali yake, agwirizane magemu 4 ndi zinthu zooneka zoti zisinthe, monga kusamwetsedwa pa kona ndi kusintha osewera nthawi yabwino. Mapointi okha si muyeso wokwanira pa magemu ochepa chotero.

Pa nkhani ya oyimbira ndilankhula mosapsatira, chifukwa apa ndi pamene mungaiphe timu ndi manja anu. Oyimbira amalakwitsa, ndipo m'maligi a m'zigawo amalakwitsa kwambiri: mizere ya bwalo sioneka, anthu aima m'mphepete mwenimweni kutchinga wonyamula mbendera, palibe kanema wobwereza. Koma Lamulo 5 la mpira limati chigamulo cha woyimbira pa zochitika m'bwalo n'chomaliza. Chigoli chimene wakana sichibwerera ngakhale mutakuwa mpaka mawu kutha. Chimene chimabwera ndi chilango, popeza timu imayankha mlandu pa zochita za masapota ake. Gemu ikathera panjira chifukwa cha chipolowe cha anthu anu, mapointi amapita kwa adani, pamwamba pake chindapusa, mwinanso bwalo kutsekedwa kuti magemu a pakhomo muzikasewera kwina ndi ndalama zanu za mafuta. Womenyayo payekha ali ndi mlandu ku polisi. Woyimbirayo ndi mwana wa munthu, wabwera pa basi ngati inu, ndipo mwala suona kuti ukugwera pa diso kapena pa chipumi.

Njira yake ilipo. Mlembi wa timu alembe dandaulo ku bungwe loyendetsa ligi ya m'chigawo chanu, lomwe kwa inu ndi Central Region Football Association, atchule mphindi ndi chimene chinachitika, aphatikize kanema wa pafoni ngati alipo. Nthawi yoperekera dandaulo imakhala yochepa, choncho mlembi awerengeretu malamulo a mpikisano lero, asadikire tsiku la mkwiyo. Dandaulo lotere silisintha zotsatira, koma limathandiza kuti woyimbira wolakwitsa mobwereza aunikidwe. Ngati wina ali ndi umboni weniweni wa ziphuphu, monga uthenga wa pafoni kapena ndalama zotumizidwa, apite nawo ku bungwelo kapena ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno. Kutchula munthu dzina pa Facebook kuti wadya ndalama popanda umboni kungakutengereni inuyo ku khoti. Ndipo pa gemu ya pakhomo sankhani akuluakulu 8 kapena 10 olemekezeka, avale zowazindikiritsa, amange chingwe mamita awiri kapena atatu kuchoka pa mzere, anayi mwa iwo aperekeze oyimbira potuluka. Inu amene munali pomwepo mukukuwa, ndinu woyenera kukhala mmodzi wa iwo, chifukwa anyamatawo amakudziwani.

Za mankhwala, chikhulupiriro cha munthu sindilimbana nacho, koma zimene chimawonongetsa zimaoneka ndi maso. Ndalama yopita kwa sing'anga ndi yomweyo ikanagula madzi ndi nthochi za magemu atatu. Osewera okana kulowera pa geti, odumpha mpanda, obisala mpaka mpira utatsala pang'ono kuyamba, amataya nthawi yotenthetsa thupi, ndipo minofu ya kuseri kwa ntchafu imaduka pa liwiro loyamba. Pali ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20, yosafuna zipangizo zapadera, imene imachepetsa kuvulala ikamachitika kawiri pa sabata. Choopsa kwambiri ndi kutemera mphini timu yonse ndi lezala limodzi, njira yopatsirana HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, komanso kumwetsa anyamata zinthu zosadziwika asanathamange padzuwa. Zimenezi zikanizeni poyera. Ndipo wosewera amene wauzidwa kuti golo yatsekedwa ndi mankhwala amaponya mpira ali wogonja kale mumtima.

Masapota muli ndi mphamvu pa zinthu zambiri zimene ndatchulazi. Pangani thumba lanu, ndalama zizilowa pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba yodziwika kwa onse, osunga akhale awiri, ndipo lipoti liziwerengedwa mwezi ndi mwezi. Musapereke ndalama m'manja mwa munthu, gulani chinthucho: zigubu zitatu za madzi, mkoko wa nthochi, mapaketi a ORS, laimu wa mizere, mabandeji, mipira iwiri ya saizi 5 ndi pampu yake. Kwirirani maenje a kutsogolo kwa golo, pamene mpira umadumphira goloboyi. Lipirani pa geti m'malo molowera kuseri. Mukafuna kufupa, fupani timu yonse kapena otchinga kumbuyo pa tsiku limene sanamwetsedwe, chifukwa kusupa womwetsa zigoli yekha kumaphunzitsa anyamata umbombo pa golo. Ambiri mwa iwo ndi a zaka 18 mpaka 22, amamva liwu lililonse lochokera kunja kwa chingwe, ndipo amene watukwanidwira mayi ake pa mphindi ya 10 amayamba kuuthawa mpira.

Nditembenukire kwa inu mwini, bambo, popeza mawu akuti nsima siilowa ndiponso mumangokalipa kunyumba sindingawadumphe. Kuwawidwa mtima timu ikagonja n'chibadwa cha sapota weniweni, ndipo kumayenera kuzilala pofika Lolemba. Idyani musanapite ku bwalo. Mowa usiyeni mpaka mpira utatha, chifukwa chipolowe chambiri chimayamba ndi amene anayamba kumwa m'mawa. Musalembe kanthu pa gulu la WhatsApp la timu mpaka kutacha. Pochoka pabwalo yendani pansi mphindi 20 kapena 30 musanalowe m'nyumba, ndipo mayi a kunyumba ndi ana muwapepese ndi mawu omveka, chifukwa iwo sanaphonye penate. Ngati pa kukonda timu mwawonjezapo kubetcha mpira, dziwani kuti mkwiyo wina ukuchokera ku ndalama zotayika, ndipo mukayamba kukongola kuti mubweze zimene mwaluza, uzani munthu amene mumamukhulupirira sabata yomweyo.

Pitani ku chipatala mukayezetse BP, n'zachangu. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyana, tsatirani zimene adokotala akuuzeni. Mukadzamva kupweteka kapena kuthina pa chifuwa muli pabwalo, kupuma movutikira, ululu wotsikira ku dzanja lamanzere kapena wokwera ku nsagwada, mutu waukulu wadzidzidzi, kapena mbali imodzi ya thupi kufooka, musadikire kherere yomaliza, wina akutengereni ku chipatala nthawi yomweyo. Ngati kusowa tulo, kusafuna kudya ndi kukwiyakwiya zapitirira masabata awiri ngakhale timu yapambana, kapena mwafika pokweza dzanja pa munthu kunyumba, vutolo laposa mpira. Pa chipatala cha boma lanu funsani woona za matenda a maganizo, ndipo ku Lilongwe kuli a St John of God amene amathandiza pa nkhawa, mowa ndi zizolowezi zovuta kusiya.

Kope lija liyambe Loweruka lino. Pakatha magemu 5, ngati timu yanu ikuponya mipira yolunjika pa golo yofanana kapena yoposa ya adani, isiyeni, mapointi abwera. Ngati zigoli zikulowabe kupitirira mphindi ya 70, tengani nkhani ya chakudya, madzi, ulendo ndi mabonanza ku komiti. Ngati mwatola mapointi osakwana 5, adani akuponya kawiri kuposa inu, chigoli cha pa kona chija chikubwerabe pomwe pa pulakatisi anthu akukwana, pemphani msonkhano ndi komiti kudzera kwa wapampando wa masapota, mupite anthu atatu ndi kopelo m'manja, kochinso akhalepo kuti ayankhe yekha.